Ntchito Yodzipereka pa Sukulu za ku Golomoti: Phindu Lake ndi Amene Amasenza Mtolo Wake

Sukulu ya pulayimale ya kumudzi m'Malawi imayenda ndi antchito a mitundu iwiri. Pali aphunzitsi olembedwa ndi boma amene amalandira malipiro pakutha pa mwezi, ndipo pali anthu ena ambiri amene mayina awo sapezeka m'kaundula wa malipiro, ngakhale kuti popanda iwo sukuluyo singayende bwino ngakhale kwa sabata imodzi. Kuchigwa cha Dedza, kumene kuli Golomoti, Mua ndi Mtakataka m'dera la Inkosi Kachindamoto, anthu a mtundu wachiwiriwu ndi amayi amene amalawirira kukaphika phala la ana, abambo amene amatuta mchenga ndi miyala yomangira zimbudzi, mamembala a komiti ya sukulu amene amasayinira ndalama zochokera ku boma, ndiponso alezi amene amasamalira ana aang'ono m'sukulu za mkombaphala. Onsewa amatchedwa odzipereka, kapena mavolontiya m'chiyankhulo cha mabungwe, ndipo dzina limodzili limaphimba ntchito zosiyana kwambiri, zina zoyenera kugwiridwa mwaulere ndi zina zimene n'zovuta kuziikira kumbuyo ngati zilibe malipiro.

Kugwirira ntchito limodzi popanda malipiro si chinthu chimene mabungwe anabwera nacho. Achewa ndi Angoni a m'chigwachi akhala akudziwa dima, imene ndi ntchito ya m'munda wa munthu mmodzi yogwiridwa ndi anansi ambiri, mwini munda ataphika mowa kapena thobwa, ndipo pa maliro adzukulu amakumba manda osafunsa kuti alandira zingati. Mpingo nawo unawonjezerapo zake. Ansembe a White Fathers anatsegula mishoni ya Mua mu 1902, ndipo Episkopi Patrick Kalilombe, amene anabadwira ku Mua komweko mu 1933, ndiye analimbikitsa miphakati m'zaka za m'ma 1970, timagulu ta akhristu oyandikana nyumba timene cholinga chake chinali chakuti mpingo uzidzidalira pa utumiki ndi pa chuma. Chofunika kuchizindikira pa dima ndi pa udzukulu n'chakuti ntchitoyo imakhala ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndiponso imabwezedwa, pakuti wolima m'munda wa mnzake lero amadziwa kuti tsiku lina khasu la mnzakeyo lidzalowa m'munda mwake.

Mbiri ya dziko ilinso ndi mbali ina imene anthu sanaiiwale. Mawu akuti thangata, amene poyamba ankatanthauza kuthandizana, anasanduka dzina la ntchito yokakamiza imene anthu ankagwira m'minda ya atsamunda ku Shire Highlands ngati malipiro a malo okhalapo, ndipo inali imodzi mwa nkhanza zimene zinautsa nkhondo ya John Chilembwe mu 1915. M'nthawi ya Dr Kamuzu Banda kunali Youth Week, sabata imene ana a sukulu ndi anthu a m'midzi ankalambula misewu ndi kumanga midadada ya sukulu, ndipo ngakhale zambiri zinamangidwa motero, kukana kunali koopsa. Ndiye chifukwa chake ufulu wa zipani zambiri utafika mu 1994 anthu ena anayamba kutcha ntchito iliyonse ya chitukuko kuti thangata. Mwatsoka, nthawi yomweyo ndi imene sukulu zinkasowa manja kuposa kale lonse, popeza boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale m'chaka chomwecho, chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni, ndipo ana ambiri ankaphunzirira pansi pa mitengo.

Njira zimene zikutsatidwa lero zinakhazikika poyankha vuto limeneli. Thumba la chitukuko la MASAF, limene linayamba m'katikati mwa zaka za m'ma 1990, linkapereka simenti ndi malata pamene mudzi unkaumba njerwa ndi kututa mchenga, ndipo mu 2004 unduna wa zamaphunziro unatulutsa ndondomeko ya mmene anthu a m'midzi angatengere mbali pa kayendetsedwe ka sukulu za pulayimale. Kawirikawiri pa sukulu pamakhala magulu atatu: komiti ya sukulu, imene imayang'anira katundu, zomangamanga ndi ndalama, bungwe la makolo ndi aphunzitsi, lodziwika kuti PTA, kumene makolo amakambirana ndi aphunzitsi za ana awo, ndiponso gulu la amayi, limene ambiri amalitchula m'Chingerezi kuti mother group, la amayi osankhidwa m'midzi yozungulira sukulu kuti azilondola atsikana osiya sukulu, kuwalangiza za kutha msinkhu ndi kuwabwezera m'kalasi.

Umboni wamphamvu koposa woikira kumbuyo ntchito yodzipereka ukuchokera m'dera lomweli. Inkosi Theresa Kachindamoto, amene anagwira ntchito ya ulembi kwa zaka 27 pa Zomba Theological College asanalongedwe ufumu mu 2003, anadziwika dziko lonse lapansi chifukwa chothetsa maukwati a ana, ndipo pofika 2016 zinkanenedwa kuti anali atathetsa maukwati oposa 850 m'zaka zitatu zokha. Anagwirizana ndi mafumu a pansi pawo kuti asamavomereze ukwati wa mwana, ndipo ena amene anaphwanya panganolo anaimitsidwa pa ufumu. Koma mfumu yokhala ku Mtakataka singadziwe yokha kuti mtsikana wa Sitandade 6 m'mudzi wa kufupi ndi nyanja wasiya kubwera ku sukulu chifukwa makolo ake alandira kale ndalama kwa msodzi. Amene ankadziwa ndi amayi a magulu a pa sukulu, pamodzi ndi amayi ndi abambo achinsinsi, anthu a m'midzi momwemo amene ankapereka uthenga kwa mfumu mosadziwika. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti agwirizane nalo, ndipo ndondomeko yolola mtsikana wobereka kubwerera ku sukulu inalipo kuyambira 1993, koma malamulo onsewa sakadafika pakhomo la mtsikanayo pakadapanda mayi wa m'mudzi womudziwa dzina, wodziwa amalume ake, ndiponso wodziwa nthawi yoyenera kuyankhula nawo.

Apa pakuoneka chimene wodzipereka ali nacho chimene wolembedwa ntchito wochokera kutali alibe. Mphunzitsi akhoza kusamutsidwa chaka chilichonse, ndipo mkulu wa bungwe amafika pa galimoto n'kubwerera madzulo, pamene mayi wa mother group amakumana ndi makolo a mwanayo pa mjigo, kuchigayo ndi pa maliro, kotero kuti mawu ake amamveka ngati a mnansi. Ena amanenanso, ndipo sakulakwa, kuti ntchito yotere ikadakhala ya malipiro anthu akadayamba kumuona mayiyo ngati kazitape wa boma. Palinso phindu la umwini, pakuti makolo amene anatuta miyala ya mdadada ndi manja awo sachedwa kufunsa akaona zitseko zake zikuzulidwa, ndipo komiti imene ili maso imaletsa kuti ndalama zotukulira sukulu zithere m'matumba a anthu ochepa.

Nkhani ya phala imaonetsa mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Bungwe la Mary's Meals, limene linayamba ntchito yake m'Malawi mu 2002 podyetsa ana 200, linakula kwambiri chifukwa ufa umagulidwa ndi bungwe pamene kuphika kumachitidwa mwaulere ndi anthu a m'midzi, ndipo mapologalamu ena odyetsa ana m'sukulu amatsata njira yofananayo. Palibe wokana kuti kapu ya phala imakopa mwana wanjala kubwera ku sukulu ndi kukhala m'kalasi mpaka kuweruka. Komabe kutsika mtengo kumene opereka thandizo amanyadira kumachokera pa thukuta la munthu wina, amene amadzuka kusanache, kutunga madzi, nthawi zina kubwera ndi nkhuni zake, n'kuima pa utsi kwa maola angapo. Munthuyo pafupifupi nthawi zonse ndi mayi, ndipo kawirikawiri ndi mayi wosauka, chifukwa wochita bizinesi pa msika wa Golomoti amatha kutuma wina kapena kulipira chindapusa.

Mtengo wa maola amenewa umasiyana ndi nyengo. Teremu imene imayamba mu Januwale imagwera pa nthawi yopalira ndi kubandira, pamene nkhokwe zambiri zatha ndipo mabanja amadalira ganyu kuti apeze ufa wa tsikulo, ndipo kwa alimi a mpunga a ku sikimu ya Bwanje, pafupi ndi Mtakataka, ndi nthawi imene ntchito ya m'madzi siidikira munthu. M'mawa umodzi wopita ku sukulu m'miyezi imeneyi ndi ganyu wotayika, ndipo ana a mayi wophikayo ndi amene amagona ndi njala usiku umenewo. N'zopweteka kuona kuti nyengo imene phala likufunika kwambiri ndi yomweyo imene ophika ake sangakwanitse kupereka nthawi yawo. Kusiyana kwake ndi dima kuli poyera: ntchitoyi ilibe tsiku lothera, ndipo palibe amene amabwera kudzalima m'munda wa wophikayo.

Vutoli limakula kwambiri m'sukulu za mkombaphala, zimene boma limazitchula kuti za mmera mpoyamba, kumene ana osafika zaka zoyambira Sitandade 1 amasewera, kuimba ndi kuphunzira zilembo. Sukulu zambiri zotere m'midzi zimayendetsedwa ndi alezi odzipereka, amene ena analandira maphunziro a masabata ochepa pamene ena sanalandire konse. Ulezi ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku yofuna luso, ndipo mlezi akapeza ganyu, akakwatiwa kwina kapena akangotopa, amachoka pamodzi ndi luso lake, sukulu n'kutsekedwa kufikira bungwe lina litaphunzitsa wina. Chimodzimodzinso ndi achinyamata a satifiketi ya MSCE amene amathandiza kuphunzitsa pa sukulu zosowa aphunzitsi n'kumalandira kangachepe kosonkhedwa ndi makolo: amatseka mpata, koma kupezeka kwawo kumabisa kukula kwa vuto pamene boma lenilenilo linadziikira mlingo wa ophunzira 60 pa mphunzitsi mmodzi. Gawo la zaumoyo linayenda njira ina, popeza alangizi a zaumoyo a m'midzi, amene chiyambi chawo chinali antchito osakhazikika olimbana ndi nthomba ndi kolera, lero ali pa malipiro a boma, ndipo bungwe la WHO mu 2018 linalangiza mayiko kuti antchito a zaumoyo a m'midzi azilipidwa molingana ndi ntchito yawo. N'kovuta kupeza chifukwa chomveka chimene mlezi wa ana a zaka zinayi angasiyanirane ndi mlangizi wotere.

Mabungwe nawo asokoneza tanthauzo la kudzipereka kudzera m'maalawansi. Bungwe lina likapereka ndalama ya nkhomaliro, njinga kapena chitenje, pamene lina likupempha anthu omwewo kugwira ntchito popanda kanthu, anthu amaphunzira msanga kusankha misonkhano, ndipo mipando ya m'makomiti imasanduka yolimbirana, nthawi zina n'kugwera abale a anyakwawa. Kudzudzula anthu osauka chifukwa chofuna alawansi n'kosavuta, koma amene amabwera kudzawaphunzitsa za mtima wodzipereka amakhala atalandira yawo. Thandizo la boma la America kudzera ku USAID litaimitsidwa kumayambiriro kwa 2025, zinaoneka poyera mmene ntchito zambiri za m'midzi zimadalira ndalama zimene zingathe kuduka ndi chiganizo chopangidwa ku Washington, ndipo pulojekiti ikatha, odzipereka ndi amene amasiyidwa kuti apitirize okha.

Funso la chindapusa ndi lovuta kuposa ena onse. Malamulo a m'midzi amene amalipiritsa nkhuku kapena ndalama kwa kholo lokwatitsa mwana ndi omwe anapatsa mphamvu ntchito ya Inkosi Kachindamoto, ndipo ochepa angawatsutse, chifukwa amateteza mwana amene sangadziteteze. Koma chida chomwecho chikagwiritsidwa ntchito pa mayi wamasiye amene walephera kututa mchenga, kapena mwana akabwezedwa ku sukulu chifukwa makolo ake sanapite ku chitukuko, mawu akuti thangata amabwerera pakamwa pa anthu, ndipo amakhala ndi chifukwa chowanenera.

Poyeza zonsezi, mzere woyenera kujambulidwa uli pakati pa ntchito zimene mphamvu yake ili pa unansi ndi ntchito zimene ndi za tsiku ndi tsiku. Kulondola mtsikana wosiya sukulu, kuyang'anira ndalama za sukulu ndi kusonkhana masiku angapo kumanga chimbudzi ndi ntchito za mudzi, ndipo zingafooke zitasanduka za malipiro. Kulera ana m'mawa uliwonse, kuphunzitsa kalasi ndi kuphikira ana mazanamazana chaka chonse ndi ntchito zoyenera kulembedwa mu bajeti ya boma kapena ya bungwe, ngakhale malipirowo atayamba ochepa. Kusinthaku kwayamba kale kukakamizidwa ndi zinthu zina, pakuti malamulo a 2018 oletsa njerwa zootcha pa nyumba za boma, amene cholinga chake ndi kuteteza mitengo, achepetsa gawo limene midzi inkapereka kuyambira nthawi ya MASAF, ndipo chotsalira m'manja mwa makolo ndicho kuyang'anira kontilakitala ndi kuwerenga matumba a simenti, ntchito imene imafuna kuti mamembala a komiti aphunzitsidwe kuwerenga malisiti ndi kufunsa mopanda mantha. Inkosi Theresa Kachindamoto anamwalira mu Ogasiti 2025, ndipo amayi a m'midzi ya Golomoti, Mua ndi Mtakataka amene ankawapatsa uthenga akadali komweko, ambiri a iwo ali omwewonso amene dzina lawo lili pa ndandanda wa ophika phala.