Britain: mankhwala ochiritsa akugonetsa okalamba m'chipatala

M'chaka cha 2004, akatswiri a ku yunivesite ya Liverpool, motsogozedwa ndi Munir Pirmohamed, adatulutsa zotsatira za kafukufuku wokhudza odwala 18,820 amene adagonekedwa m'zipatala ziwiri za m'dera la Merseyside. Adapeza kuti odwala 6.5 pa 100 alionse adafika kumeneko chifukwa chovulazidwa ndi mankhwala amene ankamwa, ndipo ambiri mwa iwo anali achikulire. Adawerengera kuti vutoli linkadyera bungwe la zaumoyo la NHS mapaundi 466 miliyoni pachaka. Mu 2022 kafukufuku wina wa ku Liverpool komweko adapeza odwala 16.5 pa 100 alionse, ndipo ndalama zidafika mapaundi oposa 2 biliyoni. Kafukufuku wachiwiriyu anali wa chipatala chimodzi chokha komanso wa mwezi umodzi, kotero manambala awiriwa sitingawayerekeze ndendende. Komabe palibe chosonyeza kuti zinthu zidapepuka.

Mankhwala amene amavutitsa kwambiri ndi omwe amapezeka pafupifupi m'nyumba iliyonse ya munthu wokalamba: aspirin, warfarin wochepetsa kuundana kwa magazi, mapiritsi okodzetsa, ndi opha ululu monga ibuprofen. Ku United States, kafukufuku wa mu 2011 adasonyeza kuti anthu pafupifupi 100,000 a zaka 65 kupita m'tsogolo ankagonekedwa mwadzidzidzi chaka chilichonse pa chifukwa chomwechi. Mwa atatu alionse, awiri adavulazidwa ndi warfarin, insulin, mapiritsi a shuga kapena mankhwala a m'gulu la aspirin.

Munthu akamakalamba, impso ndi chiwindi zimachedwa kuchotsa mankhwala m'thupi, motero mlingo umene unali woyenera ali ndi zaka 60 ukhoza kumuchulukira akafika zaka 80. Ndiye pali kuphatikiza. Gogo womwa warfarin akawonjezera ibuprofen wogula yekha chifukwa cha mawondo, akhoza kuyamba kutaya magazi m'mimba osadziwa.

Choopsa kuposa apa ndi pamene vuto lobwera ndi mankhwala liyesedwa nthenda yatsopano. Amlodipine, wodziwika kwa odwala BP, amatupitsa mapazi mwa anthu ena. Dokotala wina, poona kutupako, alemba furosemide kuti madzi achoke. Wodwalayo ayamba kudzuka kawirikawiri usiku kupita kukataya madzi, chizungulire chimugwira, agwa, athyoka fupa la m'chiuno. Achibale amangoti ndi ukalamba. Koma chiyambi chake chinali piritsi limodzi lomwe likanatha kusinthidwa.

Boma la Britain likulidziwa vutoli. Lipoti la mu 2021, lotsogozedwa ndi Keith Ridge yemwe anali mkulu woona za mankhwala ku England, lidati gawo limodzi mwa magawo 10 a mankhwala olembedwa m'zipatala zazing'ono za m'madera sanali ofunikira kwa wodwalayo, kapena padali njira ina yabwinopo. Vuto lagona pa kayendetsedwe ka ntchito. Malangizo ambiri a madokotala adalembedwa poganizira nthenda imodzi, pamene wokalamba amakhala nazo zinayi kapena zisanu. Katswiri wa mtima alemba ake, wa shuga alemba ake, koma ntchito yoona onse pamodzi ndi kusiyitsa osafunika ilibe mwini weniweni. Kuyambira mu 2020 NHS ku England idayamba kugwiritsa ntchito akatswiri a mankhwala kuti azikhala pansi ndi odwala kuunika mapiritsi awo onse. Ndondomekoyi ndi yanzeru, kungoti imafuna nthawi, chinthu chimene chikusowa kwambiri m'zipatala za kumeneko.

Nkhaniyi ikukhudza Amalawi, Azambia ndi Azimbabwe ambiri amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Britain. Wosamalira ndiye amayamba kuona kuti gogo wayamba kusinza masana, kusokonezeka maganizo kapena kudzandira patangopita masiku ochepa chiyambireni mankhwala atsopano. Sayenera kusiyitsa yekha, pakuti mankhwala ena ndi oopsa kuwasiya mwadzidzidzi. Choyenera ndi kulemba tsiku limene kusinthako kudayamba ndi kudziwitsa namwino kapena dokotala. Aliyense, ngakhale wachibale, angathenso kupereka lipoti kudzera m'ndondomeko ya Yellow Card, imene idakhazikitsidwa mu 1964.