Kompyuta siipenga, ifunseni bwino

Anzanga, tiyeni tileke chizolowezi chothimitsa kompyuta ikatipatsa yankho lachilendo. Munthu angoti "yapenga iyi", wadina batani, basi mphindi zathu zochepa zija zathera kudikira kuti iyakenso. Pomwe makompyuta ake ndi owerengeka, gulu lina lili pakhomo, magetsi nawonso sadziwika nthawi yothima.

Yesani izi. Tengani kakyuleta ya m'golosale ngati zija za pa Lunzu, dinani 2 + 3 × 4. Ikupatsani 20. Kakyuleta ya sayansi ikupatsani 14. Ndiye yabodza ndi iti? Ya m'golosale imawerengera pompo mukangodina: 2 ndi 3 ndi 5, kenako kuchulukitsa ndi 4. Inayo imatsata BODMAS, imayamba kuchulukitsa. Iliyonse yatsata lamulo limene anaiikira.

Python nayonso ndi chimodzimodzi. Chiyankhulo cha kompyuta chimenechi anachitulutsa Guido van Rossum mu 1991, ndipo chili ndi womasulira wake amene amatenga zomwe walemba n'kumazichita mzere ndi mzere, osaganizako zomwe umafuna kunena. Ukalemba kapulogalamu kophatikiza malikisi, n'kulowetsa 45 ndi 30 kudzera pa input(), kakuuza kuti wapeza 4530. Eti malikisi 4530! Ngakhale a MANEB angadabwe. Chachitika n'chakuti input() imabweretsa zinthu ngati mawu, osati nambala, ndiye chizindikiro cha + chimangolumikiza 45 ndi 30 ngati mabogi a sitima. Kuika int() kumathetsa nkhani yonse. Ukathimitsa n'kuyatsanso, 4530 uja akudikira pomwepo.

China chimene chimandisangalatsa ine: print(0.1 + 0.2) imatulutsa 0.30000000000000004. Kompyuta imasunga nambala ndi 0 ndi 1 basi, ndipo m'kawerengedwe kameneko 0.1 satha, monga 1/3 amakhalira 0.333... kwa ife. Imadula penapake, kanyenyeswa n'kutsala.

Ndiye pakavuta, chepetsa pulogalamuyo mpaka patsale mizere iwiri kapena itatu yomwe ikubweretsabe vutolo. Ika print() pakati kuti uone chomwe chili m'kati pa sitepe iliyonse, ngati mmene umatsatira payipi kufuna pomwe pakudontha. Werenganso uthenga umene yakulembera, nthawi zambiri umatchula ndi nambala ya mzere. Zambiri mwa izi zimatheka ndi pensulo m'kope, uli pamzere kudikira nthawi yako.

Ena akuti nthawi palibe, JCE yayandikira, bola sir angotikonzera. Ndikumva. Koma sir akakonza okha, iwe umatuluka mulabu ukudziwa zomwe unalowa nazo. Pempho langa kwa aphunzitsi athu n'lakuti atipatseko mphindi zisanu tivutike tokha asanagwire kiyibodi. Ndipo inu akumbuyo amene mumakuwa kuti "waononga!", lekani. Pali atsikana ndi anyamata m'kalasi mwathu amene anasiya kukhala kutsogolo kwa kompyuta chifukwa cha mawu amenewo.

Mnzanu wa Fomu 2