Avereji imathandiza pa nyanja, pa phiri la Soche ayi

Chaka chilichonse mvula isanayambe, nthambi yoona zanyengo, yomwe likulu lake lili mumzinda wa Blantyre, imalengeza mmene dzinja liyendere: madera ena alandira mvula yapakatikati, ena yochulukirapo, ena yocheperapo. Mawu onsewa atsamira pa nambala imodzi, avereji ya mvula ya zaka makumi atatu. Nambalayi si yabodza. Vuto ndi lakuti mzindawu umaifunsa mafunso amene singathe kuyankha.

Akatswiri a masamu anaunika kale nthawi imene avereji ingadaliridwe. Pali gawo la masamu lotchedwa stochastic partial differential equations, lofotokoza zinthu zosintha malo ndi malo, nthawi ndi nthawi, kwinaku zikugwedezedwa ndi zongochitika mwamwayi, monga mphepo ndi mafunde. Martin Hairer analandira Fields Medal mu 2014 chifukwa cha ntchito yake pa masamu amenewa. Imodzi mwa mfundo za masamuwa ndi iyi: chinthu chikakhala chosintha mwapang'onopang'ono, chochikankha n'kukhala chosintha mofulumira, kukankhako n'kukhalanso kofooka, ndiye kuti pa nthawi yaitali munthu angasiye kuwerenga kukankha kulikonse payekha n'kugwiritsa ntchito avereji. Zitatuzi ziyenera kukhalapo zonse.

Klaus Hasselmann wa ku Germany, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2021, anawonjezapo china mu 1976. Iye anaonetsa kuti chinthu chochedwa kusinthacho sichikhazikika pa avereji. Chimasunga kukankha konse n'kumasuntha. Zili ngati ngolo yodzaza matumba itaimikidwa pakati pa msika wa Limbe, anthu akuigunda mbali zonse: palibe amene akufuna kuisuntha, koma pofika madzulo sipezeka pomwe inali m'mawa.

Nyanja ya Malawi ili choncho. Mvula ya tsiku limodzi siiuza kanthu, koma zaka zingapo zouma motsatana imazisunga. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka m'zaka za m'ma 1930 madzi anatsika moti Shire anasiya kutuluka m'nyanjamo. Mu 2016 ndi 2017 anatsikanso, makina opanga magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira anasowa madzi okwanira, ndipo ometa tsitsi ndi owotcherera zitsulo ku Ndirande ankakhala tsiku lonse manja ali m'thumba kudikira magetsi. Mu 2024 zinatembenuka: chimanga chinkafota m'chigawo chakummwera, boma linalengeza kuti maboma 23 ali pa ngozi ya chilala, pamene nyanja inali itadzaza mpaka kulowa m'malo ogona alendo ku Mangochi. Ambiri anadabwa. Masamu a Hasselmann sakanadabwa, chifukwa nyanja inali ikuyankhabe mvula ya zaka zam'mbuyo ndi ya kumpoto.

Blantyre amamwa madzi a Shire opopedwa kuchokera ku Walker's Ferry, ndipo magetsi ake ambiri amachokera mumtsinje womwewo. Pamenepa masamu a avereji ndi othandiza kwambiri. Amene amatsegula ndi kutseka zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde akhoza kuyang'ana zaka zingapo kutsogolo, ndipo ayenera kutero.

Phiri la Soche ndi nkhani ina. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakhuthula mvula masiku angapo osapuma. Dothi linamwa madzi mpaka kukhuta, kenaka linangotsetsereka pamodzi ndi miyala, n'kukwirira nyumba za ku Chilobwe anthu ali m'kati. Apa panalibe chosintha pang'onopang'ono, panalibenso kukankha kofooka. Dothi la pamtsetse likadutsa malire ake limagwa kamodzi, ndipo avereji ya zaka makumi atatu ilibe chonena pa nthawi ngati imeneyo. Chaka chingathe kukhala ndi mvula yapakatikati, koma theka lake n'kugwa sabata imodzi.

N'chifukwa chake ngalande za mu Limbe, milatho ya pa Mudi, Naperi ndi Nasolo, komanso chilolezo chomanga nyumba m'mphepete mwa phiri, siziyenera kuyezedwa ndi mvula ya chaka chonse. Muyeso wake ukhale tsiku loipitsitsa limene lingabwere kamodzi pa zaka zambiri. Ngalande yotsekeka ndi majumbo ndi mabotolo imasefukira ngakhale tsiku limenelo lisanafike, koma imeneyo ndi nkhani ya zinyalala.

Kalengezedwe kakenso kasinthe. Malo olosera zanyengo a ku Ulaya, ECMWF, amayendetsa kompyuta kangapo pa ulosi umodzi, maulendo pafupifupi 50, akusintha pang'ono poyambira ndi kuthiramo zamwayi mwadala, kuti aone kutalikirana kwa zotsatira. Mayi wa ku Manja sathandizidwa ndi mawu akuti dzinja likhala lapakatikati. Chomuthandiza n'kumva pa wailesi, m'Chichewa, kuti mwa maulosi khumi, atatu akuonetsa mvula yokhoza kugumula phiri pofika Lamlungu, ndi kuti sukulu yothawirako ndi iti.

Anthu oti agwire ntchitoyi alipo. Sukulu yaukachenjede ya MUBAS ku Chichiri imaphunzitsa masamu ndi uinjiniya. Khonsolo ya mzinda ndi nthambi yoona zanyengo zikanapereka kwa ophunzira amenewa nambala za mvula ya ola ndi ola za ku Chileka ndi Chichiri, kuti awerenge kukula koyenera kwa ngalande iliyonse dzinja lisanafike.