Misa Isasanduke Chizolowezi ku Maravia

FINGOÈ. Pali nthenda ina imene ikulowa mwakachetechete m'mipingo ya m'boma la Maravia. Nthendayi ndi kuzolowera. Lasabata anthu amadzadi kutchalitchi, amayimba, amaponya chopereka, koma ambiri amabwerera kwawo monga anadzera, osayembekeza kanthu kwa Mulungu.

Akuluakulu a kuno akukumbukira nthawi imene kupemphera kunali kovuta. Ufulu utabwera mu 1975, boma linatenga masukulu ndi zipatala za mishoni, ansembe ambiri nachoka. Mu 1977 Akatolika a dziko lonse anasonkhana ku Beira nagwirizana kuti Mpingo uime pa timagulu ta akhristu totsogozedwa ndi anthu wamba. Nkhondo itakula, mabanja ambiri anathawira ku Zambia, ena nakakhala ku Ukwimi m'boma la Petauke. Kumeneko ndi kuthengo komwe, makatekisiti ankatsogolera mapemphero pansi pa mitengo. Munthu akapempha mtendere, ankapempha ndi misozi, chifukwa moyo wake unali pomwepo.

Mtenderewo unabwera pa 4 Okutobala 1992, pamene mgwirizano unasainidwa ku Roma mothandizidwa ndi gulu la akhristu la Sant'Egidio. Amene anapemphera aja anaona yankho ndi maso awo. Nanga bwanji lero ana awo akufika ulaliki utatha, ena nakhala panja kukamba za mtengo wa chimanga?

Ena akuti vuto ndi umphawi ndi kutalika kwa mtunda. Nzoona, midzi ya ku Maravia ndi yotalikirana, ndipo wansembe safika msanga. Koma m'masiku a nkhondo mtunda unali womwewo, njala inali yoposa. Chasintha ndi mtima.

Mlimi amakonza munda mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, chifukwa akudikira mvula. Mkhristu naye adzere kutchalitchi motero. Asananyamuke kunyumba adziwe chimene akukapempha: mwana wodwala, m'bale amene sayankhulana naye, ulesi wa mumtima mwake. Atsogoleri ayambe mapemphero pa nthawi yake, akonzekere mawu a tsikulo mkati mwa sabata, ndipo zolengeza za ndalama zisatalike kuposa ulaliki.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tchalitchi cha malata chodzaza anthu osayembekeza kanthu nchosauka kuposa mthunzi wa mtengo uja.