Ligi imene wopambana amathawa mphoto yake

Kodi munamvapo za mpikisano umene timu imakhetsa thukuta chaka chonse, n'kuthera pa nambala wani, kenaka n'kulemba kalata yokana mphoto? Ku Germany zimachitika, ndipo si kamodzi ayi. Zimachitika mu ligi yachiwiri ya matimu a tchesi, imene eni ake amaitcha 2. Bundesliga. Mphoto ya wopambana kumeneko ndi kukwera mu ligi yaikulu, koma makalabu angapo akhala akuiyang'ana mphotoyo, n'kuyang'ananso m'thumba mwawo, n'kunena kuti zikomo kwambiri, tiyeni tikhale konkuno. Ine ndikuti ligi yotere yadwala, ndipo mankhwala amene akuluakulu ake anaimwetsa mu 2024 ndi a matenda ena.

Ndiyambe ndafotokoza kasewereredwe kake, chifukwa ambiri timadziwa tchesi ngati nkhondo ya anthu awiri basi. Mu ligi imeneyi timu iliyonse imakhazika osewera asanu ndi atatu pa mabodi asanu ndi atatu, motsatira mndandanda umene kalabu inapereka nyengo isanayambe. Katswiri wa kalabu amakhala pa bodi yoyamba, ena n'kumatsika choncho mpaka bodi yomaliza. Wopambana pa bodi yake amabweretsa pointi imodzi, akalepherana aliyense amatenga theka. Timu imene yasonkhanitsa mapointi anayi ndi theka kapena kuposa pamenepo ndiyo yapambana masewerowo, ndipo imalandira mapointi awiri pa tebulo la ligi. Zikathera 4-4 amagawana imodziimodzi. Matimu akafanana kumapeto a nyengo, amawerenga mapointi a pa mabodi.

Kukoma kwake kuli poti pointi ya pa bodi yomaliza imalemera chimodzimodzi ndi ya pa bodi yoyamba. Talingalirani Lamulungu masana m'holo ya sukulu kapena m'chipinda cha kalabu. Masewero apita maola asanu, mabodi asanu ndi awiri atha, matimu ali 3.5 aliyense. Kwatsala bodi imodzi kumapeto kwa mzere, pamene pakhala mphunzitsi kapena wophunzira wa ku yunivesite amene mawa mmawa ali ndi ntchito yake. Anthu onse, ndi ma grandmaster omwe, aimirira momuzungulira, manja kumbuyo, palibe wotsokomola. Mnzake wamupempha kuti angolepherana. Iye akudzuka, akupita kwa kaputeni kukafunsa ngati avomere, kaputeni akupukusa mutu. Abwerera pampando, wotchi ikudya mphindi zake, ulemu wa kalabu yonse uli pa kapawuni kamodzi kamene akukakankha pang'onopang'ono. Tchesi ya makalabu ndi imeneyo, ndipo kwawo kwenikweni ndi ku ligi yachiwiri, osati kumwamba kumene mabodi onse anadzaza ndi anthu olipidwa.

Mbiri yake si yaitali. Mu 1974 West Germany inakhazikitsa Bundesliga ya tchesi ya zigawo zinayi, ndipo opambana m'zigawomo ankakumana kumapeto kulimbirana chikho. Mu 1980 anaiphatikiza kukhala ligi imodzi ya matimu 16, ndipo pansi pake panabadwa 2. Bundesliga, nayonso ya zigawo zinayi: Kumpoto, Kumadzulo, Kummwera chakumadzulo ndi Kummwera. Germany itagwirizananso mu 1990, makalabu a ku East Germany analowa, ndipo kuyambira 1991 zigawo zinakhala Kumpoto, Kummawa, Kummwera ndi Kumadzulo. Kwa zaka zambiri chigawo chilichonse chinali ndi matimu 10, aliyense kukumana ndi mnzake kamodzi. Opambana anayi ankakwera, anayi a kumchira kwa ligi yaikulu ankadulidwa. Papepala, dongosolo loyera bwino.

Chinasokoneza ndi ndalama. Kale kalabu inkaloledwa kuseweretsa alendo awiri okha. Kenaka mu 1995 khoti la ku Ulaya linagamula mlandu wa wosewera mpira wa ku Belgium, Jean-Marc Bosman, ndipo malire a osewera ochokera m'maiko a European Union anagwa. Tchesi inatsatira, chitseko chinatseguka, mapeto ake chinachotsedwa ndi mahinjesi omwe. Kuchokera apo, amene ali ndi mpondamatiki kumbuyo kwake amatha kudzaza mabodi onse asanu ndi atatu ndi ma grandmaster otsika ndege Lachisanu n'kukweranso Lamulungu madzulo. Sindikudana ndi alendo ayi, tchesi yakula chifukwa cha kuyenda kwa osewera ake. Koma mlendo ndi mame. Thumba limene linamuitana likauma, iye sachedwa, ndipo kalabu imatsala ndi dzina lokha.

Mukuganiza kuti ndikukokomeza? Bayern München inatenga chikho cha tchesi kasanu ndi kanayi pakati pa 1983 ndi 1995. Mwini thumba, Heinrich Jellissen, atamwalira, timuyo inachoka mu ligi yaikulu ili ndi chikho m'manja. Lübecker SV inapambana mu 2001, 2002 ndi 2003, kenaka n'kutuluka yokha, popanda woigonjetsa. OSG Baden-Baden, ndi chuma cha Wolfgang Grenke, inatenga chikho zaka khumi motsatizana, kuyambira 2006 mpaka 2015, ikuseweretsa anthu ngati Viswanathan Anand ndi Levon Aronian. Tsono kalabu ya m'tauni yaing'ono imene yapambana chigawo chake ndi ana a pakhomo ikwere kukatani kumeneko? Kukalipira mahotela ndi matikiti a sitima kuti azikaikwapula 7-1 sabata ndi sabata? Msungichuma wa kalabu akatenga cholembera n'kuwerengetsa, yankho limadziwika kale.

Nkhani imene imandiwawa kwambiri ndi ya SG Porz, kalabu ya mumzinda wa Köln imene inali chimphona cha tchesi ya ku Germany pansi pa Wilfried Hilgert. Mu 2007, chaka chimene makalabu a ligi yaikulu anakhazikitsa bungwe lawolawo la Schachbundesliga e.V., Porz inatuluka mwa kufuna kwake n'kutsikira mu ligi yachiwiri. Sinatsike chimanjamanja. Inatsika ndi ma grandmaster, kalabu imene mayina ngati Jan Timman ndi Loek van Wely anali a pakhomo. Inkapambana chigawo cha Kumadzulo, n'kukana kukwera, chaka chotsatira n'kupambananso, n'kukananso. Tsono taganizirani matimu asanu ndi anayi aja amene ankasewera nayo. Ankalimbirana chiyani? Mpando woyamba unali ndi mwini wake amene sankaufuna, koma sankauchokanso. Ena amatamanda kuti anyamata a m'chigawocho anapeza mwayi wosewera ndi akatswiri. Chabwino, mwayi unalipo. Koma mpikisano umene wachiwiri ndiye amafunsidwa ngati akufuna mphoto ya woyamba wasiya kukhala mpikisano, ndipo malamulo amene analola zimenezi kupitirira chaka ndi chaka anali malamulo aulesi.

Onjezanipo matimu achiwiri a makalabu akuluakulu. Baden-Baden, Hamburger SK, Werder Bremen ndi Solingen akhala ndi matimu awo achiwiri mu 2. Bundesliga, ndipo timu yotere singakwere pamene yoyamba ili kale mmwamba. Ndiye m'chigawo chimodzi mumapezeka timu yosaloledwa kukwera, ina yosafuna kukwera, ina yofuna koma yopanda ndalama. Mpando ukasowa woutenga, timu imene inadulidwa mu ligi yaikulu imauzidwa kuti musalongedze katundu, khalani. Wogonja wapulumuka, wopambana wathawa. Wotsatira masewero amene wayang'ana tebulo la ligi chaka chonse amadzazindikira kuti nkhani yeniyeni inathera m'makalata a pakati pa makalabu ndi ofesi.

Akuluakulu a tchesi ya ku Germany anaona vutoli, ndipo ayamikidwe poona. Koma anachita chiyani? Kuyambira nyengo ya 2024/25 anafinya zigawo zinayi kukhala ziwiri, Kumpoto ndi Kummwera, chilichonse cha matimu 12. Tiyeni tiwerengere limodzi. Kale kunali matimu 40, tsopano 24. Kale osewera 320 ankakhala pa mabodi a ligi yachiwiri tsiku la masewero, tsopano ndi 192. Mipando 128 yapita. Kodi mukuganiza kuti amene anataya mipandoyo ndi ma grandmaster a ndege aja? Kutalitali! Grandmaster sasowa womulemba ganyu. Amene anatsikira ku Oberliga, ligi ya pansi pake, ndi mphunzitsi uja wa pa bodi yomaliza, ndi mnyamata wa zaka 16 amene akanaphunzira zambiri pokhala moyang'anizana ndi katswiri maola asanu. Komanso dziko limene kuchokera kumpoto kufika kummwera ndi makilomita oposa 800, mukaligawa pawiri m'malo mwa panayi, maulendo amatalika, kugona kuhotela kumachuluka. Ndalama zimene zinkaopseza makalabu pa khomo la ligi yaikulu tsopano zikuwadikirira pa khomo la ligi yachiwiri.

Ndawamva oikira kumbuyo kusinthaku, ndipo mfundo yawo si yopanda nzeru. Akuti phompho la pakati pa ligi ziwirizi linakula kwambiri, matimu okwera ankangokhala chaka chimodzi n'kubwerera, ndipo ligi yachiwiri yochepa koma yamphamvu idzakonzekeretsa bwino amene akukwera. Akutinso zigawo zinayi zija sizinali zofanana mphamvu, kwina kunali kophweka kuposa kwina. Zoona zimenezo. Koma phompholo silinakumbidwe ndi kuchuluka kwa matimu a mmunsi. Linakumbidwa ndi kusowa kwa malire mmwamba. Mukaona kuti ligi yaikulu yasanduka bwalo la ampondamatiki, yankho lake si kusandutsa ligi yachiwiri bwalo la ampondamatiki ang'onoang'ono. Mwangolisuntha phompholo, tsopano lili pakati pa 2. Bundesliga ndi Oberliga, kumene makamera safika ndipo palibe mtolankhani amene adzalembe za kalabu yokana kukwera.

Amene akufuna umboni wa kumene zinthu zikulowera ayang'ane matimu amene anakwera mu 2024, pamene dongosolo lakale linkatsazika. Düsseldorfer SK inakwera, ndipo ndi ndalama za Wadim Rosenstein inalemba akatswiri ngati Arjun Erigaisi, Wei Yi ndi Anish Giri, n'kutenga chikho cha Bundesliga nthawi yomweyo mu 2025. FC St. Pauli ya ku Hamburg inakwera, n'kulemba Magnus Carlsen, amene anaisewerera mu Januwale 2025. Manyuzipepala anasangalala, ndipo inenso masewero a Carlsen ndinawakonda, sindinama. Koma funso langa ndi ili: mwa osewera amene anavutika Malamulungu ambirimbiri kuti Düsseldorf ifike pamenepo, ndi angati amene mayina awo dziko linawamva tsiku lonyamula chikho? Uthenga umene makalabu ena onse analandira ndi womveka: kupambana ligi yachiwiri sikukwana, pezani kaye munthu wachuma. Mukamupeza, mukhoza kudumpha kuchoka pansi mpaka pachikho m'chaka chimodzi. Mukapanda kumupeza, lembani kalata ija.

Chimene chikufunika si chinsinsi. Deutscher Schachbund, bungwe limene lakhalapo kuyambira 1877 ndipo ndilo limayendetsa ligi yachiwiri, likhale pansi ndi Schachbundesliga e.V. n'kugwirizana zinthu zimene zimapweteka olemera pang'ono. Pa masewero aliwonse, mu ligi zonse ziwiri, mabodi angapo akhale a osewera amene anakulira m'kalabumo kapena akhalamo zaka zingapo, kaya pasipoti yawo ndi ya dziko liti. Lamulo lotere silisankha mtundu, limangofunsa ngati munthu ndi wa pakhomo. Timu yongokwera kumene ithandizidwe ndalama za maulendo kuchokera m'thumba la onse, kuti msungichuma asamanjenjemere timu yake ikamatsogola. Ndipo kalabu imene yapambana n'kukana kukwera kawiri motsatizana itsitsidwe, ipereke malo kwa amene akufuna kupikisana. Za matimu achiwiri a makalabu akuluakulu ndilibe nazo mkwiyo waukulu, chifukwa ambiri mwa iwo ndiwo amalera achinyamata, koma chiwerengero chawo m'chigawo chikhale ndi malire.

Adzanena kuti malamulo otere adzathamangitsa othandiza ndi ndalama. Ena adzathawadi. Koma Jellissen sanathamangitsidwe ndi lamulo lililonse, ndipo timu ya Lübeck sinathe chifukwa cha mabodi a ana a pakhomo. Ampondamatiki amachoka okha nthawi yawo ikakwana, kaya ndi imfa, kutopa kapena mkangano, ndipo chotsala nthawi zonse chimakhala anthu amene amabwera ku kalabu madzulo a pakati pa sabata kudzakonza mabodi ndi kuphunzitsa ana. Ligi yachiwiri inali yawo. Mu 2024 matimu 16 anachotseredwa malo kuti ligiyo ioneke ngati mkulu wake, ndipo chimene chinkachititsa opambana kuthawa mphoto sichinakhudzidwe ngakhale pang'ono. Akuluakulu a Deutscher Schachbund, bwezani mipando 128 ija, kapena mutiuze poyera kuti tchesi ya makalabu mwaisiyira amene ali ndi thumba lalikulu.