Pempho la ana a ku Malindi okhala ku Joni

Kwa amfumu, ansembe ndi akuluakulu a mpingo wa Anglican ku Malindi, amayi a Mothers' Union, mwinimbumba ndi abale nonse a m'mbali mwa nyanja,

Ife ndife ana anu okhala ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town. Uthenga wa maliro a bambo athu unatipeza pa WhatsApp, koma ambiri sitinabwere. Ena mapasipoti anatha, ena mabwana sanatimasule, ndipo ulendo wa basi wodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza ndi wautali moti adzukulu sakanatidikira. Chipepeso tinatumiza pa Mukuru, koma mitima yathu sinakhazikikebe.

Malemuwa inu mukuwadziwa kuposa ife. Anali msodzi wa chilimira amene Lamulungu sankalowa m'bwato ngakhale usipa utachuluka bwanji. Ambiri a ife tinaphunzira kukoka ukonde pa dzanja lawo, ndipo ena ndalama ya basi yobwerera kuno anatibwereka iwowo. Sitiroko itawagwetsa, mbali ya kumanja inafa ndipo lilime linalemera. Anagona zaka zambiri, koma ansembe akabwera ndi Mgonero ankalimbikira kuti awavalitse malaya oyera ndi kuwakhazika pampando. Popemphera ankatitchula ife a ku Joni mmodzimmodzi, movutikira chomwecho, mpaka mayina onse atatha. Anansi athu achisilamu ankadzera pakhomopo Lachisanu pochokera ku mzikiti kudzawazonda, chifukwa nawonso anali bambo awo.

Tamva kuti pakukambidwa za chiliza cha matailosi, nsalu yosindikiza nkhope yawo ndi ng'ombe yodyera pa tsiku lachikumbutso, ndipo maso ali pa ife. Chiliza sitikukana, koma chikhale chaching'ono. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti ndi malata zinakwera mtengo, ndipo marandi athu ndi a maganyu.

Amene akutidetsa nkhawa ndi amayi, akazi a malemuwa. Ndiwo ankawatembenuza usiku kuti asatuluke zilonda, kuwasambitsa, kuwamwetsa phala, ndi kuwagwirizira pa njinga ya kabaza popita ku chipatala cha St Martin's kukatenga mankhwala a BP. Geni yawo ya usipa wouma inafera pomwepo, munda unagonera, msana wawo nawo unatha. Lero denga likudontha, ngongole za nthawi ya matenda zilipo, ndipo chitsirizira wawo ali ku sekondale. Tingaike bwanji matailosi pamanda pamene amene anawadwazika akugona m'nyumba yodontha? Ndalama tasonkhazi tikufuna ziyambire pa denga ndi fizi.

Tamvanso manong'onong'o akuti achibale ena akuyang'ana bwato, injini ndi ukonde. Amfumu, a mwinimbumba, chonde imani nji. Lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 limateteza mkazi wamasiye ndi ana, ndipo kulanda katundu wotere ndi mlandu. Ife sitikufuna kuti nkhani ya munthu wopemphera ngati ameneyu ikafike kubwalo la milandu ku boma la Mangochi. Bwatolo lizipitabe kunyanja, ndipo gawo la mwini wake lizilowa m'manja mwa amayi.

Kwa inu amayi a Mothers' Union, tikudziwa kuti m'mudzimo muli odwala ena ogonera amene alibe mwana ku Joni. Mukakhazikitsa kagulu kowayendera m'dzina la bambo athuwa, ife tizitumiza kangachepe mwezi uliwonse kogulira sopo, ufa wa phala ndi kulipirira kabaza. Tisankhireni amayi awiri okhulupirika oti azilandira ndalamazo ndi kulemba m'buku, ndipo bukulo liziwerengedwa kutchalitchi pamaso pa onse.

Ena mwa ife tibwera mu Disembala, ndipo tidzayambira kumanda. Yankho lanu litipeze kudzera kwa ansembe mvula isanayambe, kuti malata agulidwe msanga.

Ndife ana anu,
A ku Malindi okhala ku South Africa