Thukuta ndi Impso M'nyengo ya Dzuwa

Tikambeko za thukuta. Mwezi wa Okutobala ku Nsanje ndi ku Chikwawa kutentha kumatha kupyola madigiri 40, koma mkati mwa thupi la mlimi amene akusosa m'munda mumakhalabe madigiri pafupifupi 37. Woyang'anira zimenezi ndi kachigawo kakang'ono ka ubongo kotchedwa hypothalamus. Magazi akangoyamba kutentha, iko kamakulitsa timitsempha ta pakhungu n'kulamula kuti thukuta lituluke. Thupi limazizira thukutalo likamauma pakhungu. Lija longoyenderera n'kudontha pansi ndi madzi otayika chabe. N'chifukwa chake tsiku lachinyezi, mvula ikamafuna kugwa, timasowa pokhala.

Tsono madzi akatayika chonchi, ntchito imagwera impso. Pa tsiku impso ziwirizi zimasefa malita pafupifupi 180 a madzi a m'magazi, koma ambiri zimawabwezera m'thupi, n'kutaya lita imodzi ndi theka yokha ngati mkodzo, pamodzi ndi zoipa monga urea. Madzi akachepa, ubongo umatumiza homoni ya ADH youza impso kuti ziumire madzi. Mkodzo umachepa, umada ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo fungo lake limaboola mphuno.

Ine ndimaona kuti anzathu a kabaza ndi aganyu ndiwo amanyalanyaza kwambiri chizindikirochi. Ena akaweruka amathamangira kukazimitsa ludzu ndi mowa, chonsecho mowa umalepheretsa ADH n'kuchititsa munthu kukodzakodza. Mukaona mkodzo woda choncho m'mawa, yambani mwamwa madzi musanakwere njinga.